Masiku amene anyamata ankavala madiresi

Pali chithunzi china cha mu 1884 chimene ambiri akachiona amalumbira kuti ndi kamtsikana. Kamwanako kavala diresi loyera, tsitsi lafika m'mapewa, m'manja kagwira chipewa cha nthenga, kumapazi tinsapato tonyezimira. Koma si mtsikana ayi. Ndi Franklin Roosevelt ali ndi zaka ziwiri ndi theka, yemwe uja anadzakhala pulezidenti wa America. Makolo ake sanachite chachilendo chilichonse. Ku Ulaya ndi ku America, kuyambira m'zaka za m'ma 1500 mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mwana wamng'ono ankavala diresi, kaya ndi wamwamuna kaya ndi wamkazi. Chovalacho chinkangonena kuti uyu ndi mwana, adakali m'manja mwa amayi ake.

Aliyense amene analerapo mwana amvetsa chifukwa chake. Buluku la masiku amenewo linalibe zipi ngakhale lamba wotamuka. M'zaka za m'ma 1600 linkamangiriridwa ku malaya ndi tizingwe tambirimbiri, ndipo pambuyo pake kunabwera mabatani. Tangoganizani kamwana ka zaka zitatu katapanikizika, kakuvinavina, mlezi ali kalikiliki kumasula mfundo imodziimodzi. Diresi ungolikweza basi, zatheka. Nsalu nayonso inali yodula, yosokedwa pamanja, ndiye diresi ankalipinda m'munsi n'kumalimasula pang'onopang'ono mwana akamakula, akalisiya n'kuvala mng'ono wake kapena mlongo wake. Loyera linkakondedwa poti ankatha kuliwiritsa m'madzi mpaka litsiro lonse kuchoka. Kumapewa ankasokererako timalamba tiwiri titalititali toti wamkulu azigwira mwana akamaphunzira kuyenda. Ine ndimaona nzeru pamenepa, nzeru za amayi ndi alezi amene ankachapa ndi kusoka okha.

Tsiku lovala buluku loyamba linali lalikulu. Nthawi zambiri linkafika mwana ali ndi zaka zapakati pa zinayi ndi zisanu ndi ziwiri, malinga ndi banja. Telala ankabwera kudzamuyesa, abale n'kusonkhana, mnyamatayo n'kumazungulira kudzionetsa, ena n'kumamuponyera tindalama m'matumba atsopanowo. Kwa ena tsitsi lalitali lija linkametedwa nthawi yomweyo, ndipo m'mabanja olemera ankamupatsanso kalupanga. Koma chisangalalocho chinali ndi ululu wake, chifukwa kuyambira pamenepo mwana ankachoka kwa akazi amene anamulera n'kupita m'manja mwa bambo ake, aphunzitsi aamuna kapena kusukulu. Kunyumba yachifumu ya ku France malire ake anali zaka zisanu ndi ziwiri. Mu February 1717, Louis XV, mwana wamasiye amene anali kale mfumu, anachotsedwa kwa Madame de Ventadour, mayi amene anamulera ngati wake, n'kuperekedwa kwa Villeroy, mkulu wa asilikali amene anasankhidwa kuti azimuyang'anira. Mwanayo analira kwambiri.

Ana a anthu osauka za telala sankazidziwa. Kwa iwo buluku, nthawi zambiri lodulidwa kuchokera ku chovala chakale cha wamkulu, linkatanthauza kuti nthawi yoyamba ntchito yayandikira.

Kwa nthawi yaitali mnyamata akavula diresi ankangosanduka kabambo kakang'ono, kovala chimodzimodzi akuluakulu, zothina ndi zolemera. Maganizo anayamba kusintha pamene anthu ngati wolemba mabuku Jean-Jacques Rousseau, mu 1762, anadzudzula zomanga ana m'zovala zowalepheretsa kuthamanga ndi kudumpha. Cha m'ma 1780 kunabwera suti yosokeredwa anyamata okhaokha: kajekete kafupi ndi buluku lalitali lomangidwa ndi mabatani pamwamba pa chiuno. Inavalidwa mpaka cha m'ma 1830. Apa pali chodabwitsa. Nthawi imeneyo amuna olemekezeka ankavala mabuluku olekeza m'mawondo, pomwe aatali anali a amalinyero ndi anthu ogwira ntchito zamanja. Choncho ana a mabwana ndiwo anayamba kuvala buluku lalitali, abambo awo n'kutsatira pambuyo.

Mu 1846 Mfumukazi Victoria ya ku Britain inasoketsera mwana wake Albert Edward, wa zaka zinayi, kayunifolomu ka amalinyero koti avale m'sitima yachifumu. Wojambula Franz Xaver Winterhalter anamujambula ataima, manja m'matumba, kolala yaikulu itagwera kumsana, chipewa chili chakunkhongo. Pofika m'ma 1870 suti ya amalinyero inali itafala m'mayiko ambiri, ndipo inali yabwino ndithu: yolimba, yochapika, mwana n'kumasewera momasuka. Anyamata a kwaya yotchuka ya ku Vienna amaivalabe mpaka lero.

Zimene sindigwirizana nazo ndi zimene zinatsatira nkhani ya Little Lord Fauntleroy, yolembedwa ndi Frances Hodgson Burnett, imene inatuluka ngati buku mu 1886. Makolo ambiri, makamaka ku America, anatengeka ndi zithunzi za m'bukumo n'kuyamba kuveka ana awo suti ya veleveti, kolala ya lesi ndi tsitsi lopotanapotana. Diresi lakale lija linkathandiza mwana ndi womulera. Veleveti uyu ankangothandiza makolo kuonetsa kuti m'nyumba muli ndalama, mwana n'kumaopa kukwera mtengo kapena kukhala pansi.

Madiresi a anyamata anazilala cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pamene kunabwera timaovolosi ta ana tosewerera ndiponso zovala zosokeratu za m'masitolo. Ogulitsa anayamba kusiyanitsa za mnyamata ndi za mtsikana kuyambira ali khanda, ngakhale kuti za mitundu zinatenga nthawi kuti zikhazikike. Mu 1918 magazini ina ya amalonda a zovala za ana ku America inalemba kuti pinki ndi wa anyamata poti ndi mtundu wamphamvu, buluu ndi wa atsikana. Zimene tazolowera lerozi zinakhazikika cha m'ma 1940. Malire a msinkhu aja anasamukira pa kabudula: ku Britain mnyamata ankayenda mawondo ali pamtunda ngakhale m'nyengo yozizira, kudikira buluku lalitali mpaka atayamba kusinkhukirapo.

Diresi lija latsalira pa ubatizo. Limene Mfumukazi Victoria inasoketsa mu 1841 linavalidwa ndi makanda a banja lachifumu la ku Britain, aamuna ndi aakazi omwe, mpaka 2004. Litakalamba anasoka lina lofanana nalo, ndipo ndi limene kalonga George anavala pobatizidwa mu 2013.