Soya akachuluka, osauka amapita kuti?

Ndatopa kumva anthu, ena ophunzira ndithu, akunena kuti kumene kwafika soya umphawi umathawa wokha. Amaloza ku Mato Grosso, m'dziko la Brazil, kuti taonani matauni atsopano ndi nkhokwe zazitalizo. Zoona, ndalama zinalowa. Bungwe la boma la kafukufuku wa zaulimi la Embrapa, lomwe linakhazikitsidwa mu 1973, linatulutsa mbewu zogwirizana ndi madera otentha, alimi n'kuthira laimu m'nthaka ya ku Cerrado, dera lalikulu la tchire pakati pa dzikolo, ndipo lero Brazil ndiye akutsogola pa soya dziko lonse lapansi, wambiri akupita ku China. Koma ine ndimafunsa chimodzi: mindayo ndi ya yani?

Soya wa minda ikuluikulu safuna manja ambiri. Anthu owerengeka okhala ndi mathirakitala ndi makina okololera amakwanitsa mahekitala mazanamazana. Banja lomwe linkadalira kamunda ka chinangwa ndi nyemba likagulitsa malo, kapena likathamangitsidwa, limakapezeka m'zisakasa kunja kwa tauni. Ochita kafukufuku akabwera amalemba kuti m'deralo osauka achepa. Achepadi, chifukwa asamuka!

Ku Paraguay, kalembera wa zaulimi wa mu 2008 anaonetsa kuti eni minda osakwana 3 mwa 100 alionse anali ndi malo olima pafupifupi 85 pa 100. Komweko, ku Itapúa, mu 2003 mwana wa zaka 11 anamwalira atathiridwa mankhwala omwe ankapopera m'munda wa soya pafupi ndi njira yopita kwawo. Nkhani imeneyi siichoka mumtima mwanga. Makolo ake sanali eni soyayo. Iwo anangozunguliridwa, ndipo mphepo sidziwa malire a munda.

Mlimi wamng'ono atha kupindula ndi soya, sindikukana, makamaka akakhala m'gulu ndipo malo ake ali otetezedwa. Chondiopsa ndi atambwali amene amafika msanga mitengo ya malo ikayamba kukwera. Ku Brazil chinyengo chawocho chili ndi dzina, grilagem: kale ankatsekera chikalata chabodza cha umwini wa malo m'bokosi pamodzi ndi nkhululu kuti chioneke chakalekale. Lero zimachitikira pa kompyuta. Ena amabwera ndi ngongole ya mbewu ndi mankhwala, chikole chake munda, mlimi n'kusaina asanawerenge.

Musadikire kuti muone waya wampanda ndiye muyambe kuthamanga. Lembetsani malo anu, a banja ngakhale a mudzi wonse, wogula asanafike. Mlandu wa malo umatha zaka kukhoti, ndipo zaka zonsezo amene akukolola pamundapo ndi uja wa chikalata.