Pamene akasinja aima popanda mdani wowatchinga

Ntchito yanga kuno ku Mangochi ndi yoyendetsa katundu, kutanthauza kuwerengera malole, mafuta, masiku a pamsewu ndi malo otsala m'nkhokwe. Choncho mwana wa mchemwali wanga atabwera ndi laputopu akudandaula kuti akasinja ake aima pakati pa dziko la Russia popanda mdani wowatchinga, sindinachedwe kuona pomwe panali vuto. Ankasewera Hearts of Iron IV, gemu ya Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse imene kampani ya Paradox ya ku Sweden inatulutsa mu 2016. Mawu ake anali akuti, "Malume, gemuyi ikundibera." Gemu sinkamubera ayi, koma asilikali ake anali atathamanga n'kusiya chakudya, mafuta ndi zipolopolo kumbuyo.

Kuyambira mu Novembala 2021, pamene opanga gemuyi anasintha malamulo ake pamodzi ndi chigawo chowonjezera chotchedwa No Step Back, katundu wa asilikali amayenda motere. Amanyamuka ku likulu la dziko, n'kukwera sitima za pamtunda mpaka ku nkhokwe zikuluzikulu zimene gemu imazitcha supply hub, kapena kudutsa panyanja mpaka padoko. Kuchokera pa nkhokwe amagawidwa m'madera oyandikana nayo, ndipo dera likatalikira, wofikako amachepa. Poyamba ntchito yogawayi imagwiridwa ndi akavalo, koma wosewera angathe kulamula kuti nkhokwe ipatsidwe malole, ndipo akatero katundu amafika patali ndithu, malinga ngati mafakitale ake apanga malole okwanira.

Lamulo limene ongoyamba kumene amaliphonya kwambiri ndi la njanji. Njanji m'gemuyi zili ndi magiredi kuyambira 1 mpaka 5, ndipo katundu wofika pa nkhokwe amayezedwa ndi chigawo chofooka kwambiri cha njanji yonse yochokera ku likulu. Mukhoza kukweza njira yonse kufika pa giredi 5, koma mukasiya kachigawo kamodzi pa giredi 1, nkhokwe idzalandira za giredi 1 basi. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa zimenezi kawiri. Sitima ya ku Nacala imadutsa ku Liwonde, ndipo Mangochi alibe njanji, kotero katundu wotsika kumeneko amadalira malole pa msewu wa makilomita oposa 70. Wopita kutsidya, ku Namwera kapena ku Makanjira, ayenera kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo amene anaperekapo katundu ku Makanjira nthawi ya dzinja akudziwa kuti ubwino wa msewu wa ku Liwonde suthandiza kanthu pamene lole yatitimira m'matope kutsogoloko.

Mphwangayo ataona kuti magulu ake afooka, anachita zimene aliyense angaganize, ndiko kutumiza magulu ena ambiri kuti akathandize. Apa ndi pamene anadzipweteka yekha. Dera lililonse lili ndi mlingo wa katundu amene lingalandire, ndipo magulu onse okhala m'deralo amagawana mlingo womwewo. Kuwonjezera asilikali pamalo pomwe katundu ndi wochepa kale n'chimodzimodzi kuitana alendo ena khumi pa mbale ya nsima ya anthu atatu. Gulu losowa katundu limayenda pang'onopang'ono, limamenya mofooka, ndipo zida zake zimawonongeka tsiku ndi tsiku ngakhale lisanakumane ndi mdani. Akasinja ndiwo amavutika msanga, pakuti amadya zambiri kuposa asilikali oyenda pansi.

Masamu amenewa makolo athu anawasenza pamutu. Pa Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse, asilikali a Britain polimbana ndi asilikali a Germany otsogozedwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck ku East Africa ankadalira amtengatenga, ndipo anthu pafupifupi 200,000 a m'dziko la Nyasaland anagwira ntchito imeneyi, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi matenda ndi njala. Tiyerekeze kuti munthu wasenza ufa wolemera makilogalamu 25 ndipo amadya kilogalamu imodzi patsiku. Ngati ulendo ndi wa masiku 12 popita ndi 12 pobwerera, ndiye kuti wadya yekha pafupifupi katundu yense, ndipo msilikali wa kutsogolo walandira kilogalamu imodzi yokha. Kuchepa kwa katundu pamene dera likutalikira nkhokwe, kumene gemu imakuonetsa ndi mitundu pa mapu, kumachokera pa choonadi chimenechi.

N'chifukwa chakenso nyanja inali yofunika kwambiri. Mfuti yaikulu imene ili pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma pano inachokera pa sitima ya Gwendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Germany yotchedwa Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Kungoilemaza sitima imodziyo kunapatsa Britain ufulu wonyamula asilikali ndi katundu pamadzi kuchokera ku Fort Johnston, dzina lakale la Mangochi, mpaka ku Karonga. M'gemu namonso, mitsinje ikuluikulu ndi madoko zimanyamula katundu, ndipo kulanda doko limodzi kumaposa kulanda chipululu chachikulu.

Za ku Russia, gemuyi imatsanzira mbiri bwino ndithu. Germany italowa m'dziko la Soviet Union pa 22 Juni 1941, inapeza kuti njanji za kumeneko n'zotambalala kuposa zake, mamilimita 1,524 poyerekeza ndi 1,435, kotero sitima zake sizikanayendapo njanjizo zisanakonzedwe. M'gemu, njanji yongolandidwa kumene imatenga masiku isanayambe kukutumikirani, ndipo wosewera wanzeru amaima n'kudikira. Lamulo lomweli ndi chida cholimbana ndi mdani, chifukwa gulu lozingidwa limadulidwa ku nkhokwe zake n'kufooka lokha, monga zinachitikira gulu lankhondo lachisanu ndi chimodzi la Germany ku Stalingrad, lomwe linazingidwa mu Novembala 1942, ndege zinalephera kulidyetsa mokwanira, ndipo linagonja kumayambiriro kwa Febuluwale 1943.

Sindinganene kuti gemuyi imaphunzitsa ntchito yathu yonse. Mulibe dalaivala wodwala malungo, mulibe matumba onyowa ndi mvula, ndipo amtengatenga aja akanakhala nambala chabe pa sikirini, chinthu chimene chimandisautsa ndikamasewera. Komabe dongosolo la kaganizidwe ndi lolondola. Ndinamuuza mphwangayo kuti asanalamule nkhondo aziyamba watsegula mapu a katundu, aone pomwe pali nkhokwe za mdani, alunjikitse asilikali ake kumeneko, ndipo apatule mafakitale angapo oti azipanga sitima ndi malole okhaokha. Tinabweza theka la magulu ake kumbuyo, tinakweza kachigawo ka njanji kamene kanali pa giredi 1, ndipo tinadikira milungu itatu ya m'gemu akuwiringula kuti nthawi ikutayika. Akasinja atayambanso kuyenda magetsi anazima, ndipo batire la laputopu linali litatsala ndi mphindi khumi zokha.