Kodi "s" ndi "t" pa mafayilo a Linux zimatanthauzanji?

Lembani ls -l /usr/bin/passwd pa kompyuta ya Linux. Mzere umene utuluke uyamba motere: -rwsr-xr-x. Ambiri amadziwa kuti r, w ndi x ndi chilolezo chowerenga, kulemba ndi kuyendetsa pulogalamu. Nanga "s" ameneyu wabwera bwanji?

Mapasiwedi amasungidwa mu /etc/shadow, fayilo yomwe munthu wamba saloledwa kulembamo. Komatu inuyo mumasintha pasiwedi yanu osapempha aliyense. Chinsinsi chagona pa "s" uja, wotchedwa setuid. Pulogalamu yokhala ndi chizindikirochi imayenda ndi mphamvu za mwini fayiloyo, osati za amene waiyendetsa. Mwini wa passwd ndi root, woyang'anira wamkulu wokhala ndi mphamvu zonse pa makinawo, choncho kwa kanthawi kochepako pulogalamuyo imagwira ntchito ngati root. Anabweretsa nzeruyi ndi Dennis Ritchie wa ku Bell Labs, m'zaka za m'ma 1970.

Apa ndiye pofunika maso. Pulogalamu yotere ikakhala ndi kachibowo m'kalembedwe kake, wakuba akalowerapo amatenga ulamuliro wa makina onse. N'chifukwa chake ndikapatsidwa seva yachilendo, ndimayamba ndi lamulo la find / -perm -4000 (4000 ndi nambala ya setuid) kuti ndione mapulogalamu onse obwereka mphamvu. Ndikapeza dzina losadziwika pamndandandawo, ndimafufuza amene analiika. Dziwaninso kuti Linux salabadira setuid pa ma script (mafayilo a malamulo olembedwa m'mawu), ndiye musataye nthawi kuyesa chmod 4755 pa fayilo ya bash (chmod ndi lamulo losinthira zilolezo).

Mnzake ndi setgid, yemwe amaonekanso ngati "s" koma pamalo a chilolezo cha gulu, nambala yake 2000. Phindu lake limaoneka bwino pa foda. Tinene kuti anthu asanu akugwirira ntchito m'foda imodzi, koma fayilo iliyonse yatsopano ikutenga gulu la amene wailenga, anzake n'kumalephera kuisintha. Ambiri akatopa amathamangira chmod 777, komwe n'kutsegulira aliyense chitseko. Ine ndimati chmod 2770: chilichonse cholengedwa mmenemo chimatenga gulu la fodayo, ndipo mafoda a m'kati nawonso amatengera chizindikirocho. Onetsetsani chabe kuti umask, yomwe imasankha zilolezo zimene mafayilo atsopano amayamba nazo, ikulola gulu kulemba.

Chomaliza ndi "t", wotchedwa sticky bit, nambala yake 1000. Chimene chimadabwitsa ophunzira n'chakuti kufufuta fayilo kumadalira chilolezo cha foda, osati cha fayiloyo. Ndiye mu /tmp, foda ya mafayilo osakhalitsa momwe aliyense amalembamo, bwenzi wina akufufuta za mnzake mmene wafunira. Koma taonani chilolezo chake: drwxrwxrwt. Chifukwa cha "t" ameneyu, wofufuta kapena kusintha dzina la fayilo ayenera kukhala mwini wake, mwini foda, kapena root.

Mukaona "S" kapena "T" wamkulu m'malo mwa wamng'ono, dziwani kuti chizindikirocho chaikidwa koma x palibe pamalopo. Pa pulogalamu, kawirikawiri zimasonyeza kuti wina analakwitsa polemba chmod.