Phula la kandulo likauma pa nsalu kapena pa kapeti

Magetsi a ZESA akamazima madzulo, makandulo amagwira ntchito yaikulu m'nyumba zathu ku Mbare, Highfield ndi Mufakose mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Zotsatira zake ndimaziona pa ntchito yanga yochapa: nsalu za patebulo, zitenje, mabulauzi oyera a kutchalitchi, zonse zitadontheredwa phula. Zambiri zimafika zitaonongeka kale, osati ndi phulalo, koma ndi kupukuta mwaphuma lidakali lotentha.

Phula silisungunuka m'madzi. Mukalipukuta lili lamadzimadzi, mumalikankhira mkati mwa ulusi ndipo banga limakula. Lisiyeni liume. Ngati firiji idakali yozizira, ikani ayezi m'jumbo n'kuisanjika pamwamba pa phulalo, kapena lowetsani chovala chonsecho m'firiji kwa theka la ola. Likalimba limaphwanyika mosavuta. Palani ndi supuni kapena mpeni wosathwa, pang'onopang'ono.

Lotsala mkati mwa ulusi limachoka ndi simbi, ndipo apa m'pofunika kusamala. Phula la makandulo wamba limasungunuka pa madigiri apakati pa 46 ndi 68, choncho simbi yofunda chabe ndi yokwanira. Ikani pepala la khaki pansi pa nsalu ndi lina pamwamba, dindani ndi simbi kwa kamphindi, osatulutsa nthunzi. Mudzaona pepala likuda ngati lathiridwa mafuta. Sunthani pepala kuti malo oyera akhale pa banga, dindaninso, mpaka pepala lisiye kuda. Nyuzipepala ayi, chonde: inki yake imasamukira pa nsalu, ndipo imavuta kuchotsa kuposa phula.

Pa kapeti njira ndi yomweyo, koma pepala limakhala pamwamba pokha, ndipo ndi bwino kuyala kansalu koyera ka thonje pamwamba pa pepalalo. Makapeti ambiri otsika mtengo ndi a polypropylene, ulusi wa pulasitiki umene umasungunuka pa madigiri pafupifupi 160. Simbi ya magetsi ikatenthetsa imapitirira pamenepo. Ulusi ukasungunuka umakhala gwa, umanyezimira, ndipo palibe wochapa aliyense amene angaubweze. N'chifukwa chake simbi ya makala sindiilola pa kapeti ngakhale pang'ono, poti moto wake suyezeka. Dikirani magetsi abwere.

Makandulo ofiira ndi obiriwira amasiya utoto phula litachoka. Gulani sipiriti wopanda utoto wotchedwa surgical spirit ku famase, nyowetsani thonje, yesani kaye pa malo obisika, kenaka dindani banga kuchokera m'mbali kulowera pakati. Sipiriti wapepo uja amene timagula m'mashopu ali ndi utoto wake, pa nsalu yoyera akhoza kusiya banga lina. Sipiriti aliyense amayaka msanga, ndiye zimitsani kandulo ndi simbi musanamutsegule.

Pomaliza pamatsala kabanga ka mafuta. Pakani sopo wamadzi wotsukira mbale, dikirani mphindi 10, chapani ndi madzi ofunda monga momwe nsaluyo imalolera. Pa kapeti madzi akhale ochepa, muwamwetse ndi tawelo. Musasite chovalacho mpaka chitauma ndipo mwaona kuti banga latheratu.

Silika, velveti ndi suti ya ubweya musaziyandikize simbi. Palani phula la pamwamba lokha, mupite nazo kwa a dry cleaner, muwauze kuti ndi phula la kandulo komanso mtundu wake.