Ng'ala ndi pulu: lenzi yoyenera kuika m'diso la wosewera

Pa opaleshoni ya ng'ala dokotala sapala kanthu pamwamba pa diso, monga ambiri amaganizira. Amatulutsa lenzi yachibadwa imene ili mkati, kuseri kwa mwana wa diso, yomwe yachita chifunga, n'kuikapo ina yapulasitiki. Njirayi anaiyambitsa Harold Ridley pa chipatala cha St Thomas' ku London mu 1949. Lenzi yatsopanoyo mudzakhala nayo moyo wanu wonse, ndipo kudzaisintha ndi opaleshoni ina yovuta kuposa yoyamba. Ilinso ndi malire: lenzi yachibadwa ya munthu wachichepere imakhuthala yokha akamayang'ana pafupi, koma yapulasitiki siisuntha. Imaonetsa bwino zinthu za pa mtunda umene yatcheredwa, ndipo mtundawo umasankhidwa opaleshoni isanachitike.

Mukapanda kunena kalikonse, madokotala ambiri amatchera diso kuti lizipenya patali, kenako mumagula magalasi owerengera. Kwa anthu ambiri m'pomwe pali pabwino. Wosewera pulu ndiye amagwa pakati, chifukwa masewerawa sachitikira patali, komanso sachitikira pa masentimita 40 pamene timagwirira buku.

Tengani tepi muyeze. Weramani monga mumachitira posewera, chibwano chili pafupi ndi ndodo, wina ayeze kuchokera pa diso kufika pa mpira woyera. Anthu ambiri amapeza masentimita 60 mpaka 90. Ayezenso kufika pa mpira wakutali kwambiri umene mungaulunjike. Tebulo laling'ono la mipira yofiira ndi yachikasu, limene limapezeka m'malo omwera ambiri, malo ake osewerera ndi pafupifupi masentimita 183 m'litali ndi 91 m'lifupi. Tebulo la ku America la mafiti 9 ndi masentimita 254 ndi 127, pamene la snooker limapitirira mamita atatu ndi theka m'litali. Motero masewera anu onse ali pakati pa masentimita 60 ndi mamita awiri kapena atatu. Manambala awiriwa muwalembe, mupite nawo ku chipatala. Amathandiza dokotala kuposa kungomuuza kuti mumakonda pulu.

Mphamvu ya lenzi imayezedwa mu ma dioptre, chilembo chake D, ndipo masamu ake ndi osavuta: gawani 1 ndi nambala imene diso latcheredwapo, mupeza mtunda wa m'mamita umene diso limaona bwino koposa. Diso lotcheredwa pa 0 limapenya patali. La -0.50 limaona bwino pa mamita 2, la -0.75 pa mita imodzi ndi masentimita 33, la -1.00 pa mita imodzi, la -1.50 pa masentimita 67, la -2.50 pa masentimita 40. Diso silingoona pa kadontho kamodzi kokha ayi. Lili ndi kampata ka pafupifupi theka la dioptre mbali iliyonse pamene zinthu zimaonekabe bwino, ndipo kampatako kamakula kuwala kukachuluka, chifukwa mwana wa diso amachepa. Nyali yabwino pamwamba pa tebulo imathandiza pamenepa.

Tsono onani. Diso la pa 0 limayamba kuona bwino kuchokera pa mamita awiri kupita kutali; mpira woyera ndi nsonga ya ndodo zimaoneka mwachimbuuzi. Diso la -0.75 limagwira kuchokera pa masentimita 80 mpaka mamita anayi, ndiye kuti pafupifupi tebulo lonse. La -1.00 limagwira kuchokera pa masentimita 67 mpaka mamita awiri, zokwanira pa tebulo laling'ono koma zoperewera pa lalikulu. Popeza osewera ambiri amamaliza ndi kuyang'ana mpira womenyedwa pamene ndodo ikupita, osati woyera, ndi bwino kukondera mpira womenyedwawo. Kwa munthu amene pulu ndi mbali yaikulu ya moyo wake, lenzi wamba ya mphamvu imodzi yotcheredwa pakati pa -0.50 ndi -0.75 m'maso onse awiri ndi chisankho chovuta kuchiposa, ndipo salipira kanthu kowonjezera. Mtengo wake uli kwina: poyendetsa galimoto, makamaka usiku, mudzafuna magalasi opepuka a patali, ndipo powerenga zilembo zing'onozing'ono mudzafuna ena. Ngati ntchito yanu ndi yoyendetsa minibasi kapena galimoto za katundu, ikani msewu patsogolo, pulu mumugulire magalasi ake.

Wina angafunse: bwanji osangotchera patali n'kumavala magalasi posewera? N'zotheka, koma magalasi wamba amavuta pa tebulo. Mukawerama, maso amasuzumira pamwamba pa felemu, kapena amadutsa m'mphepete mwa galasi pamene chithunzi chimapindika. Magalasi aja osintha mphamvu kuchokera pamwamba kupita pansi ndiye amasokoneza kwambiri, chifukwa mbali yoonera pakati ili m'munsi, pamene wowerama amayang'anira kumtunda. N'chifukwa chake Dennis Taylor, amene anagonjetsa Steve Davis pa mpira wakuda womaliza mu mpikisano wa dziko lonse wa snooker mu 1985, ankavala magalasi aataliatali ofika pamphumi. Mukasankha njira imeneyi, pemphani magalasi a mphamvu imodzi, a +0.75 pamwamba pa muyeso wanu wa patali, pa felemu yaitali, ndipo woyeza aike pakati pa galasi molingana ndi mmene mumayang'anira mutawerama, osati mutaima.

Malenzi okwera mtengo alipo, ndipo ogulitsa amawatama kuti amachotseratu magalasi. Otchuka ndi ogawa kuwala patatu, patali, pakati ndi pafupi. PanOptix ya kampani ya Alcon mbali yake ya pakati ili pa masentimita 60, AT LISA tri ya Zeiss ili pa masentimita 80. Pa pepala zikuoneka ngati zopangira wosewera pulu, koma pali mavuto awiri. Loyamba, kuwala kukagawidwa patatu, chithunzi chilichonse chimalandira gawo chabe, ndipo malire a chinthu amachepa kuthwa. Munthu wofuna kungosenda mpira m'mphepete kuti ugwere m'bowo la pakati amadalira malire omwewo. Lachiwiri, timizere tozungulira ta pa lenziyo timachititsa kuti nyali zizioneka ndi mikombero, ndipo mpira wa pulu wosalala umanyezimira pansi pa nyali. Ambiri amazolowera pakapita miyezi, ena ayi. Komanso pakati pa mita imodzi ndi mamita awiri, pamene pamakhala mipira yambiri, si pomwe malenzi amenewa amathwa koposa. Munthu wa glaucoma, matenda oononga mtsempha wa diso, kapena amene shuga yaononga retina yake, khungu lolandira kuwala la kumbuyo mkati mwa diso, malenzi amenewa samuyenera.

Pakati pa lenzi wamba ndi malenzi ogawa kuwala patatu pali malenzi otalikitsa kampata ka kuona, otchedwa EDOF, monga Vivity ya Alcon ndi Symfony ya Johnson & Johnson, komanso lenzi wamba yowonjezeredwa pang'ono monga Eyhance. Vivity imaonetsa bwino kuchokera patali mpaka pafupifupi masentimita 66, ndipo mikombero ya nyali ndi yochepa poyerekeza ndi ya magawo atatu, ngakhale nayo imachepetsako kuthwa m'malo a mdima. Kwa amene ndalama ali nazo, maso ake ndi abwinobwino kupatula ng'alayo, ndipo akufuna kusewera ndi kuyendetsa galimoto popanda magalasi, gulu ili ndi limene lili loyenera kukambirana. Zilembo zing'onozing'ono zidzafunabe magalasi.

Pali njira ina imene madokotala amaikonda: diso limodzi patali, lina pafupi, ubongo n'kumasankha wokha. Pa moyo wa tsiku ndi tsiku imagwira ntchito. Pa pulu muisamale. Maso awiri akasiyana kwambiri, makamaka kupitirira 1.50 D, luso loyeza kutalikirana kwa zinthu limachepa. Choopsa china n'chakuti wosewera aliyense ali ndi malo ake pamene amaika mutu pamwamba pa ndodo kuti mzere uoneke wowongoka: ena pansi pa diso lamanja, ena lamanzere, ena pakati. Diso limodzi likamaona mpira woyera bwino, linalo likamaona womenyedwa bwino, mzerewo ukhoza kusuntha pamene maso akuchoka pa mpira wina kupita pa unzake, ndipo munthu amaphonya osadziwa chifukwa. Ngati mufuna kusiyanitsako, kusiyanako kusapitirire 0.50 kapena 0.75, mwachitsanzo -0.25 ku diso lotsogolera ndi -0.75 ku linalo. Diso lotsogolera mungalidziwe potambasula manja, kupanga kabowo pakati pa zikhatho, kuyang'ana chinthu cha patali ndi maso onse, kenako kutseka limodzilimodzi: limene chinthucho chikhalabe m'kabowo ndi lomwelo. Dziwani kuti ng'ala ikakula kwambiri m'diso limodzi, ubongo umasamukira ku linalo, ndiye zotsatira za kuyezaku zikhoza kunama.

Astigmatism osaiiwala. Apa ndi pamene cornea, khungu loonekera la kutsogolo kwa diso, yapindika kwambiri mbali imodzi kuposa inzake, ndipo chinthu chozungulira chimaoneka ndi kamthunzi mbali imodzi pa mtunda uliwonse. Ikafika 1.00 D kapena kuposa, funsani za lenzi ya toric, yokonza vuto limeneli. Imeneyi imayenera kukhala pa ngodya yake yeniyeni: ikazungulira ndi digiri imodzi imataya pafupifupi 3 peresenti ya ntchito yake, ikazungulira ndi madigiri 30 yataya yonse. Pamene toric palibe, magalasi amakonza vutoli.

Zonsezi zimadalira kuyeza kwabwino. Opaleshoni isanachitike amayeza kutalika kwa diso, komwe mwa anthu ambiri ndi mamilimita 23 mpaka 24, ndi kupindika kwa cornea, n'kuwerengera mphamvu ya lenzi, imene kawirikawiri imakhala cha m'ma 20 mpaka 22 D. Kuphonya kutalika kwa diso ndi milimita imodzi kumasokoneza zotsatira ndi ma dioptre oposa awiri. Maso ouma amasokoneza muyeso wa cornea, choncho ayambe athandizidwa. Ovala ma contact lens (timalenzi tovala pa diso penipeni) ofewa awavule kwa sabata imodzi asanayezedwe, olimba kwa masabata angapo. Amene anachitidwapo LASIK, opaleshoni ya laser yokonza cornea, anene, chifukwa masamu ake ndi ena. Abambo amene akumwa kapena anamwapo tamsulosin chifukwa cha vuto la kukodza anenenso. Mankhwalawa amafewetsa iris, mbali ya diso yozungulira mwana wa diso, ndipo dokotala ayenera kukonzekera. Ngakhale zonse zitayezedwa bwino, diso likhoza kuphonya ndi theka la dioptre. Ichi ndi chifukwa china chokondera mbali ya minus: wofuna -0.50 akagwera pa 0 kapena pa -1.00 amasewerabe, pamene wofuna 0 akagwera pa +0.50 saona bwino mpira uliwonse pa tebulo popanda magalasi.

M'zipatala za maso za ku Malawi, monga Lions Sight First ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Nkhoma, lenzi imene imaikidwa kawirikawiri ndi ya mphamvu imodzi. Kwa wosewera pulu zimenezi si zodandaulitsa. Funso lofunika si dzina la kampani, koma ili: "Kodi diso langa layezedwa, ndipo mukufuna lidzathere pa nambala iti?" Mphamvu za malenzi zimakwera ndi 0.50 D kuchoka pa lenzi ina kufika pa yotsatira, ndipo kukweza mphamvu ya lenzi ndi 1.00 D kumasuntha diso ndi pafupifupi -0.70. Ndiye kuti pempho lanu nthawi zambiri limangofuna kuti atenge bokosi lina pa shelefu yomweyo.

Ngati maso onse ali ndi ng'ala, amachita limodzi kaye. Zotsatira za loyambalo zimathandiza kukonza masamu a lachiwiri, ndiye musanapite kachiwiri kayeseni pa tebulo, muone mpira umene ukuoneka bwino ndi umene sukuoneka, mukanene. Pa nthawi ya pakatiyi maso amakhala osiyana, kulunjika kumasokonekera. Musasinthe kaimidwe kanu chifukwa cha zimenezi. Muyeso umakhazikika pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo magalasi agulidwe pamenepo. Mankhwala odontheza m'maso amatenga pafupifupi mwezi. Sabata yoyamba pewani kuwerama kwa nthawi yaitali, utsi wa fodya ndi fumbi la choko, ndipo musatikite diso ndi dzanja limene lagwira nsalu ya tebulo. Za tsiku lobwerera ku masewera, mverani dokotala amene wakuchitani opaleshoni.

Diso likayamba kuwawa kwambiri, kufiira, ndi kuona kukamachepa m'masiku oyambirira, pitani ku chipatala tsiku lomwelo, chifukwa tizilombo tikalowa mkati mwa diso timaononga m'maola ochepa. Chimodzimodzi mukaona kung'anima ngati mphezi, timadontho takuda tambiri mwadzidzidzi, kapena mdima ukubwera kuchokera mbali imodzi. Koma chifunga chikabwerera pang'onopang'ono patatha miyezi kapena zaka, kawirikawiri ndi kathumba kosunga lenziyo kamene kachita mbuu. Amakaboola ndi laser yotchedwa YAG m'mphindi zochepa, osang'amba diso. Ngati simukukhutira ndi lenzi yanu ndipo mukuganiza zoisintha, nenani zimenezo YAG isanachitike, chifukwa kathumbako kakabooledwa kusintha lenzi kumavuta kwambiri.