Katemera wa trout sateteza ku madontho oyera

Pali funso limodzi limene alimi a nsomba za trout amandifunsa mobwerezabwereza, ndipo kawirikawiri amalifunsa nsomba zitayamba kale kufa: "Adokotala, nsomba zanga zinalandira katemera, nanga madontho oyerawa achokera kuti?" Ndikufuna ndiliyankhe poyera, chifukwa kusamvetsa kumeneku kwaphetsa nsomba zambiri zimene zikanapulumuka.

Katemera wa trout amene alimi ambiri amamudziwa amateteza ku matenda oyamba ndi mabakiteriya, makamaka matenda ofiiritsa kukamwa amene amayambitsidwa ndi Yersinia ruckeri, omwe katemera wake analoledwa ku United States mu 1976. Katemerayu ndi wabwino ndipo ndimalimbikitsa kuti aperekedwe, koma madontho oyera amayamba ndi kachilombo kena kotheratu, kotchedwa Ichthyophthirius multifiliis, kamene kamaboola khungu ndi ziwalo zopumira n'kumadya nsombayo kali mkati. Mpaka lero palibe katemera wa kachilombo kameneka amene akugulitsidwa.

Sikuti akatswiri angokhala. N'zodziwika kuti trout imene yadwala n'kuchira imakhala ndi chitetezo kwa miyezi ingapo, ndipo ofufuza monga Kurt Buchmann wa ku yunivesite ya Copenhagen akhala zaka zambiri akufufuza mmene chitetezocho chimagwirira ntchito. Chovuta n'chakuti kachilomboka sikaswana popanda nsomba yamoyo, choncho n'kovuta kukachulukitsa mokwanira kupangira katemera wa nsomba miyandamiyanda, komanso kali ndi mitundu ingapo yosiyana pang'ono, moti chitetezo cha mtundu umodzi sichikhala champhamvu mofanana pa wina.

Mlimi wina sindimuiwala. Anaona nsomba zake zikudzikhula m'makoma a dziwe ndi kuunjikana pamene madzi amalowera, koma anadikira masiku angapo podalira kuti zinalandira katemera. Madontho ataoneka anathira mankhwala kamodzi, ndipo patapita masiku ochepa madonthowo anachepa, iye n'kukhulupirira kuti zatha. Zinali zisanathe. Kachilomboka kakakhuta kamadzichokera pansomba, kamagwera pansi, kamadzikuta ndi chikopa n'kugawikana kukhala ana mazanamazana, ndipo anawo akatuluka amasambira kufunafuna nsomba. Mankhwala safika pa kachilombo kobisala m'khungu, ndipo kokutidwa kaja sakakhudza kwenikweni. Amapha ana osambirawo. N'chifukwa chake mankhwala monga formalin, hydrogen peroxide kapena mchere amathiridwa mobwereza pamasiku oikika, ndipo madzi akafunda masikuwo amayandikana popeza kachilomboka kamaswana msanga. Pamene anandiitana, nsomba zinali zikupuma movutika pamwamba pa madzi, ziwalo zopumira zitadzaza ntchofu, ndipo nditapala khungu la imodzi n'kuika pa maikulosikopu ndinaona tizilombo tozungulira tikutembenuka pang'onopang'ono, kalikonse kali ndi kachinthu kopindika ngati chilembo cha C mkati mwake. Nsomba zambiri m'dziwe limenelo zinafa. Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti munthuyo sanali wosasamala. Anali atalipira katemera ndi mtima wonse, kungoti palibe amene anamuuza malire a katemerayo.

Ndichenjezenso za anthu amene amayenda ndi mabotolo opanda zolemba n'kumati ndi katemera wa matenda onse a nsomba. Katemera wotero kulibe. Amene akukuuzani kuti ali ndi katemera wa madontho oyera, kapena wa matenda otupitsa impso amene amavuta madzi akapitirira madigiri 15, akukunamizani, ndipo pamene mukudikira kuti botolo lake ligwire ntchito kachilombo kakuswana. Ena amagulitsa ufa wobiriwira wa malachite green. Ufawu umaphadi kachilomboka, koma unaletsedwa pa nsomba zodyedwa m'maiko a European Union ndi ku United States chifukwa umatsalira m'mnofu kwa nthawi yaitali ndipo ukuganiziridwa kuti umayambitsa khansa, choncho wouthira akuika pachiswe anthu amene adzadye nsombazo.

Nsomba zatsopano zisungeni padera kwa masabata angapo musanaziphatikize ndi zina, ndipo ukonde wa dziwe limodzi usalowe m'dziwe lina usanaume kapena kutsukidwa ndi mankhwala. Mukangoona nsomba zikudzikhula, musadikire madontho. Itanani dokotala tsiku lomwelo, ndipo mumusonyeze nsomba zodwala zikadali zamoyo, chifukwa nsomba ikafa tizilomboti timachokapo msanga ndipo woyeza sangapeze chimene chaipha.