Dzina la Stanislavski lasanduka chidindo, ine ndatopa nazo

Sabata yathayi ndalandiranso pepala lina, lachitatu mwezi uno, loyamba ndi mawu oti "the Stanislavski Method", M wake wamkulu, kenako mwana wa eniake nkumalongosola kuti wazisudzo weniweni akapatsidwa mbali ya wamisala azigona pamsika, asamasambe, ndipo akafuna kulira pa siteji azikumbukira maliro a kwawo. Ndaphunzitsa zisudzo zaka zambiri ndithu ndipo nkhani imeneyi yandifika pakhosi. Mwanayo sindikumuda ayi, anangokopera zomwe anapeza pa intaneti, poti azungu eniake chilankhulowo ndi amene amalemba chonchi mmanyuzipepala awo.

Konstantin Stanislavski anali wa ku Russia, anabadwa 1863 namwalira 1938, ndipo mu 1898 iye ndi Vladimir Nemirovich-Danchenko anayambitsa Moscow Art Theatre. Olo dzinalo ndi la pa siteji chabe, kwawo anali a Alekseyev, banja lolemera la mafakitale. Zoti muzilemba Stanislavski kapena Stanislavsky musavutike nazo, zonse nzolondola, zimangotengera amene akuchotsa dzinalo ku zilembo za Chirasha, bola musasinthesinthe mpepala limodzi. Chachikulu nchoti kaphunzitsidwe kake iye ankangokatcha "system", s wamng'ono, ndipo ankakasintha mpaka tsiku lomwalira. The Method ija ndi katundu wa ku New York.

Zinayenda chonchi. Gulu la zisudzo la Stanislavski linapita ku America mu 1923, anthu kumeneko anagoma nalo, ndiye awiri amene anadutsa mmanja mwake, Richard Boleslavsky ndi Maria Ouspenskaya, anakhazikika konko nkumaphunzitsa. Mkalasi mwawo munakhala Lee Strasberg, amene anatola chinthu chimodzi, chokumba zowawa zako zakale kuti umve zomwe munthu wa mseweroyo akumva, nkuchiika pakati pa zonse. Mu 1931 anayambitsa Group Theatre ndi Harold Clurman komanso Cheryl Crawford, ndipo kuyambira 1951 ndi amene ankatsogolera maphunziro ku Actors Studio, malo ophunzirira zisudzo a ku New York. Koma mu 1934 Stella Adler, wa mgulu lomwelo, anakakumana ndi Stanislavski maso ndi maso ku Paris, anaphunzira naye masabata asanu, pobwera anawauza anzake kuti abale, mwini wake zokumbakumbazi sakuzilimbikitsanso, akuti yambani ndi zomwe munthuyo akuchita, ali pati, akufuna chani, ndipo gwiritsani ntchito maganizo anu olingalira. Anakangana koopsa ndi Strasberg. Ndiye mukawerenga kuti Marlon Brando anali wa Method dziwani kuti iye anaphunzira kwa Adler, ndipo ankakana yekha zoti Strasberg anamuphunzitsa.

Mabuku nawo anasokoneza. Stanislavski ankafuna kuti za mkati mwa mtima ndi za thupi, mawu, kayendedwe, zikhale ntchito imodzi. Koma mChingerezi gawo loyamba, An Actor Prepares, lomasuliridwa ndi Elizabeth Hapgood, linatuluka 1936 lofupikitsidwa, pomwe lachiwiri lonena za thupi, Building a Character, linadzatuluka 1949. Zaka 13 anthu akudya nsima yopanda ndiwo nkumati chakudya chake nchomwechi. Womasulira wina, Jean Benedetti, anadzaphatikiza zonse mu 2008, koma pofika nthawi imeneyo dzina linali litapita kale kwina.

Ndiye lero mukaona dzinali mChingerezi likhoza kutanthauza munthuyo, kapena kaphunzitsidwe kake, kapena za Strasberg, kapenanso osatanthauza kanthu. Olemba ndemanga za masewero amakonda mawu oti "Stanislavskian" pongofuna kunena kuti wazisudzoyo amaoneka ngati sakuchita sewero, ndipo amawaika moyang'anana ndi "Brechtian" (ochokera kwa Bertolt Brecht wa ku Germany, amene ankafuna kuti oonera asaiwale kuti akuonera sewero) ngati matimu awiri a mpira, pomwe Stanislavski anakonzapo ma opera (masewero oimba) ndi masewero a nthano omwe. Enanso amangoliponya dzinalo mndime yoyamba kuti aoneke ophunzira, basi.

Izi zikanakhala za mayeso okha sindikanalemba. Chimene chimandisowetsa tulo ndi mtsikana wina wa Fomu 3 amene ndinamudziwa pokonzekera mpikisano wa masewero a msukulu. Anali ndi mawu abwino, amamveka mpaka kumbuyo kwa holo osakuwa. Pa holide anapita ku wekishopu ina ya masiku atatu, yolipira, kapepala kake kolengezera kanalembedwa dzina la Stanislavski ndi zilembo zikuluzikulu. Wophunzitsayo anawakhazika pansi mozungulira nkumufunsa mwanayo kuti chinthu chopweteka kwambiri pamoyo wake nchiyani. Mayi ake anali atamwalira miyezi inayi yapitayo. Ndiye bamboyo anamuimika pakati nkumamufunsa kuti bokosi linali la mtundu wanji, anavala chitenje chanji, amayi aku tchalitchi ankaimba nyimbo iti, mwanayo mpaka anagwa pansi akulira, anzake nkuuzidwa kuti ombani mmanja, uku ndiye kuchita sewero. Anamupatsa ndi satifiketi.

Atabwerera, tikuyeserera, tinafika pamalo pomwe amayenera kungopinda zovala za mchimwene wake wa mseweromo. Anagwira malaya, manja kuyamba kunjenjemera, anangowaika pa desiki bwinobwino nkutuluka. Sanabwerenso. Ndipo apa ndi pomwe ndimadziimba mlandu, ine ndinati mwina ndi manyazi, zimutha, ndinadikira pafupifupi teremu yonse ndisanapite kukaonana ndi azakhali ake amene ankamusunga. Nditafika anandilandira bwino, anandiyalira mkeka, kenako anati, "Aphunzitsi, mwabwera mochedwatu, mwanayu usiku sagona." Ndinasowa choyankha.

Chopweteka nchoti olo Strasberg yemweyo, amene ine sindigwirizana naye zambiri, ankati chinthu chokumbukiracho chikhale choti padutsa zaka 7, osati bala la dzulodzulo. Ndiye bambo uja sankachita za Stanislavski, sankachitanso za Strasberg, ankangoliza ana ndi dzina la munthu wakufa.

Makolo ndi aphunzitsi anzanga, anthu amenewa achuluka tsopano poti achinyamata ambiri akufuna kulowa mmafilimu. Munthu akabwera ndi dzinali mfunseni kuti akunena Stanislavski wa nthawi iti, ndipo anaphunzira kuti, kwa ndani. Wodziwa ntchito amasangalala nalo funso limeneli, amayamba kukuuzani za Adler ndi Paris mpaka mutatopa. Wachinyengo amakwiya, kapena amayamba kutchula maina a akatswiri a ku Hollywood amene anaonda dala kapena kukhala mwezi osatuluka mmbali yawo, zinthu zoti mkulu wa ku Moscow uja sanalamulepo munthu. Akati foni zonse panja, makolo asalowe, zomwe zachitika muno zithere muno, mutengeni mwana wanu muzipita, ndalamayo iluzike. Ndipo mwana akabwerako ku zoterezi atasintha, sakudya, sakugona, akulira payekha, musachite zanga zija zodikira kuti zimutha, khalani naye pansi tsiku lomwelo ndipo ngati sizikusintha pitani naye kuchipatala akaonane ndi aphungu odziwa za maganizo, osati kubwerera kwa yemwe anamuvulazayo kuti akamalize "maphunziro".

Kwa inu olemba mapepala, mukafuna kunena za Strasberg lembani Strasberg, mukafuna kunena za ku Moscow lembani "system" ndipo tchulani buku ndi womasulira wake. Mkalasi mwanga masiku ano mwana akandifunsa kuti alire bwanji ndimamupatsa malaya ndi kumuuza kuti basi inyamuka pakatha mphindi zisanu, apinde msanga asaiwale kanthu. Nthawi zina misozi imabwera yokha, nthawi zina ayi, sewero limayendabe. Mtsikana uja anamaliza Fomu 4, ndinakumana naye mminibasi chaka chatha, anandipatsa moni mwaulemu ndithu, za zisudzo sitinakambe.